Mayi Zigamba a Pakhonde la Sitolo

Msewu umene anthu masiku ano amautcha wa Matelala kale unalibe dzina. Unali msewu wafumbi wotsetsereka kuchokera kudepoti ya mabasi kukafika kumsika, ndipo makina osokera analipo amodzi okha basi: akuda, opalasa ndi mwendo, pakona ya khonde la sitolo ya simenti ndi misomali. Eni ake anali mayi ena aafupi, a mapewa otambalala, amene tepi yoyezera sinkachoka m'khosi mwawo ngakhale popita kukagula mchere. Anthu ankawatcha Mayi Zigamba, poti ntchito yawo yambiri inali yomata zigamba: mathalauza othetheka kumbuyo, malaya otha kolala, matumba obooka amene ankataya makiyi a anthu. Dzinalo silinkawawawa mtima.

"Wachigamba ndiye kasitomala weniweni," ankatero. "Wa suti amabwera kamodzi, pa ukwati wake. Wachigamba amabwera mpaka tsiku lomuika m'manda."

Makinawo anali a amuna awo. Bamboyo anali telala wodziwa kudula jekete, koma mowa unkamudziwa iye kuposa mmene iye ankadziwira jekete. Tsiku lina anakwera basi akuti akukagula nsalu, ndipo nsaluyo akuigulabe mpaka lero. Anasiya makina, mkazi, ndi kamwana kakakazi kongoyamba kumene kuyenda. Mayiwo anali ataionera ntchitoyo cham'mbali kwa zaka, akusita zovala ndi kusokerera mabatani. Misozi itauma anabereka mwana, kubwereka wilibala, n'kukankha makinawo mpaka pasitolo paja. Mwini sitolo, mkulu wosakonda kuwononga mawu, anawamvetsera mpaka kumapeto, kenako anangoloza pakona ndi chibwano.

"Muzisesa khonde m'mawa," anatero. Pangano lonse linali lomwelo.

Mwana uja anakulira pansi pa makina akuseweretsa mabobini opanda ulusi, mpaka onyamula simenti anamutcha Bobini. Dzinalo linamumatirira ngati penti.

Pakona pajapo mpamene anthu ankapumira. Panali ndowa ya madzi akumwa ndi kapu yomangirira kuchingwe, ndipo wonyamula katundu aliyense ankadziwa kuti sapempha, amangotunga. Amayi opita kumsika ankasiyapo madengu. Mwana wasukulu lamba wa chikwama akamudukira, Mayi Zigamba ankamuitana asanayambe n'kulira komwe, kusoka, n'kumuuza kuti athamange belu lisanalire. Kwa iwo zimenezi sizinali zinthu zoti munthu n'kuzitchula. Amene ankaziwerengera anali Bobini, poti ndowayo ankasenza ndi iyeyo m'mawa uliwonse asanapite kusukulu.

Bobini ali pafupi kumaliza pulayimale, m'mawa wina wa nyengo ya mvula, mzimayi wina anatsika basi kudepoti ndipo siketi yake inakodwa pachitsulo cha chitseko. Inang'ambika kuyambira m'chiuno mpaka m'bondo. Oitanira mabasi anaimba malikhweru ndi kukuwa, ndipo phokosolo linamutsatira akutsika msewu, dzanja limodzi litagwira jumbo ya zovala, linalo likulimbana ndi nsalu yokana kukumana. Amalonda ankaseka. Iye maso anali pamatope.

"Achemwali! Inu a siketi! Tabwerani kuno msanga."

Mayi Zigamba anamulowetsa kuseri kwa mulu wa matumba a simenti, kumupatsa nsalu yovundikirira makina kuti amange m'chiuno, n'kutenga siketiyo. Ali mkati mosoka anaona kuti diso limodzi la mzimayiyo linali lotupa, lotsekeka ngati la mwana wa galu wongobadwa. Sanafunse. Ankadziwa kuti diso lotere silitupa ndi chitseko cha basi.

"Ndilibe choti ndikupatseni, mayi," anatero mzimayiyo ndi mawu otsika.

"Ndakuitanitsani kanthu? Valani, mvula iyo ikubwera."

Anavala, koma sanapite. Anakhala pathumba la simenti mpaka mvula inabwera n'kukata. Masana Mayi Zigamba anagawa pakati chakudya chimene anabwera nacho m'kontena. Dzuwa likupendeka, akupukuta makina kuti awalowetse m'sitolo, mzimayi uja anali pomwepo, jumbo pamiyendo, akuyang'anitsitsa basi iliyonse ngati mutsika munthu wodzamugwira.

"Kodi muli nako kopita?"

Anapukusa mutu.

"Ndiye nyamulani ndowayo. Tiyeni."

Kwawo kunali chipinda chimodzi cha lendi, chogawidwa pakati ndi katani. Bobini pochokera kotunga madzi anapeza mlendo atakhala pamatiresi pake. Anamupatsa moni mwaulemu monga anaphunzitsidwira, akuyesa kuti ndi za tsiku limodzi. Mvula inatha, chisanu chinabwera n'kupita, mlendo ali pomwepo. Sankalankhula pokhapokha atafunsidwa, ndiye aneba anamutcha Kachete. Nkhani yake inkatuluka modontha ngati madzi a pampopi wouma: mwamuna wa dzanja lolemera, ana awiri amene anawasiya kwa amayi ake, ndi mantha oti akabwerera m'nyumba muja adzatulukamo atanyamulidwa.

Chakudya cha anthu awiri chinayamba kudyedwa ndi atatu. Bulangeti la munthu mmodzi linkafunda awiri, ndipo wodzuka mapazi atazizira anali Bobini. Sopo ankatha msanga. Nsapato zasukulu zimene analonjezedwa zinasanduka za mwezi wa mawa, mwezi umene sunkafika.

Kukhonde, Kachete anayamba ndi kumasula misoko, kenako kupinda m'munsi mwa masiketi. Nthawi ya nkhomaliro Mayi Zigamba ankamusiyira makina, iwo ataimirira kumbuyo kwake.

"Osakankha nsalu, iwe. Makina amakoka okha. Iwe ungowalondolera njira."

Atafika pophunzira kudula panafunika nsalu yeniyeni, ndipo imene inalipo m'nyumbamo inali ya yunifolomu ya Bobini, yokayambira sekondale. Kachete anaidula n'kuisoka. Diresi inatuluka phewa limodzi lokwera, kolala yopendekera kumanzere ngati munthu amene sanamve bwino funso. Nsalu ina panalibe. Bobini anavala yomweyo chaka chathunthu, ndipo anzake m'kalasi akamuona akulowa onse ankapendeketsa mitu.

"Amayi, kodi ine ndine mwana wanu kapena chidole choyezera zovala?" anafunsa tsiku lina akulira.

"Iwe uli ndi mayi ako. Nanga mnzakoyu ali ndi ndani kuno?"

"Amayi angawo ali kuti? Ine ndimangoona amayi a msewu wonse."

Mayi Zigamba anamukalipira kuti asiye mwano, ndipo pofika mawa lake anali ataiwala. Bobini sanaiwale.

Kachete anali ndi dzanja. Posakhalitsa msoko wake unkawongoka kuposa wa omuphunzitsa, ndipo ankatha kuona diresi pa munthu wodutsa n'kuidula tsiku lomwelo papepala la thumba la simenti. Mayi Zigamba sanachite nsanje. M'malo mwake ankaitana anthu kuti adzaone. Telala wina wa kumsika atamwalira, anapita okha kwa mkazi wamasiyeyo kukamunenerera Kachete kuti atenge makina a malemu, ndipo anamupezera malo pakhonde la sitolo ya buledi, tsidya lina la msewu. Wobwera ndi nsalu ya diresi ankamulozera komweko.

"Pitani uko. Ine ndikusokerani thumba, uyo akusokerani diresi."

Kachete anapeza chipinda chakechake n'kukatenga ana ake. Tsiku losamuka anagwada pakhomo misozi ili mbwembwembwe.

"Mayi, ine sindidzaiwala."

"Dzuka iwe, ukudetsa siketi," anatero Mayi Zigamba, akumukoka dzanja.

Pageti la depoti pankakhala bambo wina wopuwala miyendo amene ankapemphetsa. Tsiku lina Mayi Zigamba atakweza maso anamuona pakhonde la tsidya, Kachete ataweramira pa iye, akumuonetsa kupukusa makina a dzanja. Mphepo inawabweretsera mawu: "Osakankha nsalu, achimwene. Makina amakoka okha." Anaseka okhaokha mpaka kupukuta misozi ndi chigamba cha munthu.

Bamboyo ataidziwa ntchito anaphunzitsa mlamu wake, amene mwamuna anamuthawa. Mlamuyo anaphunzitsa mlonda wochotsedwa ntchito, mlondayo n'kuphunzitsa mtsikana wotuluka kundende amene abale ake anamukana. Palibe ankalipiritsa mnzake. Aliyense ankati, "Ine ndinaphunzira ulere, ndingagulitse bwanji chinthu chimene sindinagule?" Makonde anadzaza makina uku ndi uku. Ana amene akanakhala akutola mabotolo kudepoti ankadutsa m'mawa atavala yunifolomu, zikwama kumsana. Msewu wonse unkalira kuti tchakatchaka kuyambira kukacha, ndipo makondakitala anayamba kufunsa kuti, "Otsika pa Matelala alipo?"

Koma mathalauza sanayambe kung'ambika kwambiri chifukwa choti matelala achuluka. Zigamba zimene zinkadyetsa nyumba imodzi zinagawika pamakonde onse. Kenako kaunjika anasefukira kumsika, ndipo anthu anaona kuti kugula thalauza lina n'kwapafupi kusiyana ndi kumata lakale. Atsopanowo ankadziwa masitayelo. Mayi Zigamba ankadziwa zigamba. Masiku ena ankasesa khonde, kudzaza ndowa, kuthira mafuta makina, n'kubwerera kunyumba osasokerera ngakhale batani.

Amene zinamuyendera kuposa onse anali Kachete. Anapeza mwayi wosoka mayunifolomu a masukulu angapo, anachita lendi sitolo ya mawindo a magalasi kumtunda kwa msewu, anagula makina amagetsi, n'kulemba antchito. Dzina la Kachete linafa, tsopano anali Madamu. Poyamba ankaoloka msewu m'mawa ndi buledi wotentha m'manja kudzacheza ndi Mayi Zigamba. Kenako ankangobayibitsa ali tsidya. Atagula galimoto moni unatsala wa hutala, ndipo m'kupita kwa nthawi hutalayo nayo inaleka kulira.

Bobini anamaliza sukulu, anapeza ntchito pakauntala ya sitolo ya mankhwala, n'kukwatiwa ndi makaniko wina wofatsa. Diresi ya ukwati anakabwereka kutali. Anati m'msewu wa Matelala munthu asamuyeze, ngakhale amayi ake omwe. Mayi Zigamba anali atasunga nsalu yoyera pansi pa matiresi kwa zaka. Anaisiya pomwepo, osaitchula.

Cha nthawi yomweyo maso awo anayamba kuchita chifunga. Kuchipatala anati ndi ng'ala, adikire ikhwime. Iwo sanauze munthu. Bowo la singano ankalisaka ndi nsonga za zala, zikakanika ankaitana wodutsa. "Mwana'nga, tandilowetsera ulusi, magalasi ndaiwala kunyumba." Magalasiwo analibe.

Zinaululika tsiku limene mphunzitsi wina anabweretsa thalauza latsopano kuti alifupikitse miyendo. Mayi Zigamba anayeza, kulemba ndi choko, kudula mwendo umodzi n'kuupinda bwinobwino. Pomwepo panafika mayi wina kudzatenga dengu lake, anacheza pang'ono. Atabwerera pamakina anagwira mwendo womwe uja n'kuudulanso. Mphunzitsiyo atabwera analitambasula pakati pa msewu, mwendo wina ukukwekwereza pansi, wina ukuthera m'katumba, akukuwa kuti anthu aone zimene agogowa amuchita. Makonde onse anaimitsa makina. Kuseka kunayambira tsidya n'kutsika msewu wonse. Ambiri mwa osekawo anali ndi sizasi m'manja, atagwira mmene Mayi Zigamba ankagwirira, chala chamkombaphala chitagona pamwamba, osadziwa kumene kagwiridweko kanachokera.

Mwini sitolo ya simenti uja anamwalira chaka chomwecho. Mwana wake anapenta makoma, anaika matailosi, ndipo m'mawa wina anaitanira Mayi Zigamba mkati. Analankhula mwaulemu ndithu, chipewa chili m'manja.

"Agogo, khondeli ndalipereka kwa telala wa makina amagetsi, azitisokera maovolosi ogulitsa muno. Inu ntchito mwagwira. Kapumeni."

Pangano la kusesa linali la bambo ake, ndipo bambo akewo anali kumanda.

Telala watsopanoyo anali bambo wa banja lake, wofatsa, wa nkhope yabwino. Anawathandiza kukweza makina pawilibala, akumangirira mosamala kuti asagwe panjira.

"Musadandaule, mayi. Pitani kwa Madamu, sangakubwezeni. Munthu ameneyo ndi wachifundo. Ine ndinkanyamula katundu kudepoti, wondiphunzitsa sanandilipiritse, nayenso sanalipiritsidwe. Zonsezi anayambitsa ndi Madamu. Anafika m'msewu muno alibe kanthu, n'kudziphunzitsa okha kusoka."

"Ohoo. Anadziphunzitsa okha."

"Okha, mayi. Pawailesi ananena."

Mayi Zigamba analoza ndowa ya madzi ija.

"Iyi ndikusiyirani. Muzidzaza m'mawa, anthu anazolowera."

Anayesa kusokera pakhomo pa nyumba yawo, koma kumeneko kunalibe odutsa, ndipo mbiri ya thalauza lija inali itafika kale. Bobini atabwera kudzawaona anapeza makina ali pakhomo, ulusi uli lende, m'kabati muli mchere wokha.

"Ana anu a msewu aja abwera angati kudzakuonani?"

"Ali ndi zawo zowavuta, mwana'nga. Usamalankhule choncho. Kupatsa n'kuika."

"Munaika kuti, amayi? Tandiuzeni tikatenge, poto akudikira."

Mawuwo anawalasa. Patapita masiku anavala diresi yawo yabwino, n'kukwera msewu okha osauza Bobini. Mlonda wa pasitolo ya Madamu ija anawafunsa ngati abwera kudzafunsa yunifolomu ya mdzukulu. Mkati munali mizere ya makina amagetsi, antchito atawerama, phokoso ngati mvula padenga la malata. Madamu anatuluka mu ofesi, atanenepa, magalasi ali pamphuno, ndipo atawaona anaima ngati waponda msomali. Anawalowetsa msangamsanga n'kutseka chitseko.

Mayi Zigamba sanadziwe kuti ayambe ndi "iwe" kapena "inu". Anasankha "inu", ndipo Madamu sanawakonze.

"Sindinabwere kudzapempha ayi. Maso akana, koma manjawa akuonabe. Batani ndimasokerera ndili chitsinzinire. Mutandipatsa kakona kumbuyo uko, ine sindingakusokonezeni."

Madamu anavula magalasi n'kuwapukuta nthawi yaitali.

"Mayi, musaganize kuti ndinaiwala. Vuto ndi lomwelo, sindiiwala. Ndikadutsa pakhonde paja ndimamva fungo la simenti, malikhweru aja amalirabe m'makutumu. Ana anga sadziwa zimene bambo awo anandichita. Antchitowa sadziwa kuti ndinatsika msewu uno thupi lili pamtunda, anthu akuseka. Otsala odziwa ndinu nokha. Mukamakhala muno tsiku ndi tsiku, ine ndizilowa bwanji?"

"Ine ndinauzapo munthu?"

"Ayi, mayi."

"Nanga?"

"Simusowa kunena. Kungokuonani basi."

Anaitanitsa tiyi. Anamwa osayang'anana, aliyense akufunsa za ana a mnzake. Potuluka anawaperekeza pakhomo lakumbuyo, akuti kumeneko n'kwafupi ndi njira yawo, ndipo analonjeza kuti atumiza kanthu kunyumba. Dalaivala wa Madamu anabweradi ndi katoni ya sopo, shuga ndi mafuta ophikira. Anabweranso ulendo wina. Kenako njira inamusokonekera.

Akanakhala kuti Madamu anawanyoza, Mayi Zigamba akanapeza pogwira pomukwiyira. Koma ankamumvetsa, ndipo kumvetsako kunkawawa kuposa chipongwe. Za ulendowo sanamuuze Bobini. Iye atafunsa za katoni ija, mayiwo anangoti ndi munthu wina wakale.

Mapeto ake Bobini anawatenga. M'nyumba mwake munali kachipinda kamene amuna ake ankasungiramo zitsulo za galimoto. Anatulutsa zitsulozo, kukolopa, n'kuikamo bedi, ngakhale fungo la oyilo silinathe. Makina anakhala pakona ya pabalaza atavundikiridwa, pamwamba pake pali wailesi yakanema. Ng'ala itakhwima anawachita opaleshoni diso limodzi. Linatseguka pang'ono, mokwanira kuona geti ndi munthu woima pagetipo, koma osati bowo la singano.

Bobini ankawasamala, zimenezo palibe angatsutse. Madzi osamba ankakhala otentha, mankhwala sankatha, mdzukulu wochita mwano kwa agogo ankaona zakuda. Koma anali mzimayi wa makiyi. Kabati ankakiya. Mpopi wa panja anauikira loko. Ana ake anawaphunzitsa kuti chakudya chotenga kusukulu sagawana, ndipo bolopeni ukabwereketsa usabwere kudzalira. Aneba ankamutcha Palibe, chifukwa ndiwo mawu amene ankatuluka m'kamwa mwake munthu asanamalize n'kupempha komwe. Mayi Zigamba ankakhala pampando pakhonde akumvetsera zonsezi, ndipo pang'ono ndi pang'ono anazindikira kuti uyunso anali ntchito ya manja awo.

M'mawa wina, ana atangopita kusukulu, pageti panamveka odi. Anali mzimayi wa nyumba yoyang'anana nayo, wongosamukira kumene, mwana kumsana, malaya oyera m'manja.

"Pepani amayi, ndimati mundibwerekeko ayironi, kamphindi kokha. Bambo a kunyumba awaitana kuti akawaone za ntchito m'mawa uno. Akhala nthawi yaitali ali pakhomo. Yathu yapsa, ndiye malayawa ndi makwinya okhaokha."

"Yathunso inapsa," anatero Bobini.

Ayironiyo inali patebulo pabalaza, isanazizire n'komwe. Fungo la zovala za adzukulu zongosita kumene linali lisanachoke pakhonde.

"Ngakhale ya makala, amayi?"

"Palibe."

Mzimayiyo anasuzumira kuseri kwa phewa la Bobini, maso ake n'kugwera pa agogo okhala pampando. Mayi Zigamba anafuna kumuitana kuti amusitire malayawo. Ankadziwa poyambira: kolala kaye, kenako manja, kuwaza timadzi pang'ono, ntchito yosatenga nthawi. Koma nyumba sinali yawo, ayironi sinali yawo, magetsi sanali awo, ndipo munthu yekhayo amene anawatola pamene analibe kolowera anali ataima pomwepo, manja m'chiuno. Anaweramitsa mutu n'kuyamba kukonza mpindiro wa diresi yawo.

"Zikomo. Pepani ndakusokonezani," anatero mzimayiyo, n'kubwerera.

Bobini anatseka geti, kukoka chitsulo chake, n'kutembenuka.

"Mwati chiyani, amayi?"

"Sindinanene kanthu."

"Tiyi ali m'fulasiki. Mankhwala musaiwale. Munthu akagogoda musatsekule."

Anatenga chikwama n'kupita kuntchito. Patapita kanthawi geti la tsidya linalira, ndipo Mayi Zigamba anaona chinthu choyera chikudutsa mofulumira kulowera kumsewu waukulu. Diso lawo silikanatha kuwauza ngati malayawo anali osita kapena ayi. Anakhala pampandopo mpaka dzuwa linafika pamapazi, tiyi osamwa. Ngati bamboyo anailowa ntchito ija, iwo sanamve, ndipo sanafunse munthu.